Ku Mkanda, ufulu umathera pa sikelo

Dzuwa lisanakwere, fumbi layamba kale kutuwitsa mapazi pa msika wa Mkanda.

Ndi nyengo yokolola. Ngolo za ng'ombe zikulowa motsogozana, njinga za kabaza zikuchita kulira ndi matumba a soya ndi mtedza, ndipo paliponse pamene pali kamthunzi pali venda, sikelo yake ili lende pa mtanda.

Mayi wina wachikulire pang'ono akutula thumba la mtedza woswa kale. Walisenza kuchokera kumudzi, khosi lachita kuuma. Venda akulikoleka ku ngowe ya sikelo. Muvi ukugwedezeka, kenaka waima.

Venda akuyang'ana sikelo.

Mayi uja akuyang'ana nkhope ya venda.

Ndidaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo zimene ndidaonazo sizidandichoke m'mutu mpaka lero. Yankho lili pa sikelo, poyera, koma mwini katundu akulifuna pamaso pa munthu wina.

Venda adatchula makilogalamu, adadinadina pa foni, n'kutchula ndalama. Mayi adalandira ndi manja awiri, adathokoza, adamanga ndalamazo pa nsonga ya chitenje n'kulowera kogula mchere ndi sopo.

Sindikunena kuti adaberedwa. Mavenda achilungamo alipo, ndipo uyu akhoza kukhala mmodzi wa iwo. Chimene chikundiwawa n'chakuti kaya adaberedwa kaya sadaberedwe, mayiyo alibe podziwira. Kugalauza, kubzala, kupalira, kukumba, kuthothola, kuyanika, kuswa usiku ndi ana pa lichero: mtengo wa zonsezi waumva ndi khutu, kuchokera pakamwa pa munthu amene amapindula akatchula zochepa.

Dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Mayi uyu ali ndi chiphaso cha unzika, amavota, ndipo palibenso womuimitsa pakhomo la msika kumufunsa khadi la chipani. Pa pepala ndi mfulu.

Pa sikelo akuonera maso a eni.

Mkanda ili kumpoto kwa boma la Mchinji, kwa T/A Mkanda, kufupi ndi malire a Zambia. Ndi dera la dothi lachonde. Chimanga, fodya wa bale, mtedza ndi soya zimachita bwino, n'chifukwa chake malole a ku Lilongwe sasowa kuno mbewu zikangouma. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 600,000 m'boma lonse la Mchinji, ambiri mwa iwo odalira khasu.

Kalembera yemweyo adaonetsa kuti mwa Amalawi 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ochuluka mwa osadziwawo ndi amayi.

Malire a kuno si mpanda. Polowera povomerezeka ndi pa Mwami, kumwera, pomwe mu Disembala 2022 Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegulira malo amodzi ochitirapo zonse za m'malire a maiko awiriwa. Koma munthu wa ku Mkanda akafuna kukazonda azakhali ake kutsidya sazungulira ku Mwami. Amadzera tinjira ta m'minda. Uku ndi uko ambiri ndi Achewa, chilankhulo n'chimodzi, maliro amalirira limodzi, ndipo mu Ogasiti amakakumana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba.

Ndalama zokha ndiye ziwiri. Zonse dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Mu Novembala 2023, kwacha yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, wosintha ndalama aliyense wa m'malire adadzuka ndi mtengo wakewake. Wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa ankakanganapo. Wosadziwa ankangotambasula dzanja.

Chala cha inki

Fodya ndiye adakokera anthu ambiri kuno. Kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a bale adachuluka ku Kasungu ndi ku Mchinji, mabanja akhala akubwera kuchokera kutali, ena kuchigawo cha kumwera komwe malo olima ndi ochepa, kudzakhala matenanti.

Utenanti umayenda chonchi. Mwini esiteti amapereka munda, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pa ngongole. Tenanti ndi banja lake amafesa nazale, amawokera, amathyola, amasoka, amapachika m'chigafa, amasankha magiredi. Fodyayo amamugulitsa kwa mwini munda yemweyo, pa mtengo umene mwini mundayo watchula. Akatero buku limatsegulidwa.

Bukulo ndilo khoti lake.

Muli ndowa iliyonse ya chimanga imene banja lidatapa, mchere, ndalama ya kuchipatala mwana atadwala malungo, ngakhale khasu lomwe lidathyoka. Wolemba ndi kapitawo kapena kalaliki. Wowerenga ndi yemweyo. Ntchito ya tenanti ndi kudinda chala.

Ngongole ikaposa mtengo wa fodya, banja silingachoke. Yokwerera galimoto kubwerera ku Mulanje kapena ku Phalombe palibe. Limakhalanso chaka china, chigafa chomwecho, buku lomwelo. Agogo athu adali nalo dzina la moyo wotere m'minda ya atsamunda ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Ankati thangata.

Mu Novembala 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake ponena kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la za ntchito n'kuletsa utenanti m'dziko muno.

Ndi lamulo labwino, ndipo lidachedwa kubwera. Koma lidalembedwa m'Chingerezi, lili m'mabuku a m'maofesi. Tenanti wosawerenga angalidziwe pokhapokha wina amuuze, ndipo munthu amene amalankhula naye tsiku ndi tsiku ndi yemwe lamulolo likumuletsa.

Mlimi wa munda wakewake naye sadapulumuke. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula. Mlimi amatenga zipangizo pa ngongole, ndipo mabelo ake akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, kumabwera pepala loonetsa giredi ya belo lililonse, mtengo wake m'madola, ndi zonse zimene zadulidwa. Pepalalo silibisa kanthu. Kungoti limalankhula ndi wodziwa kuwerenga yekha.

Masiku ano chala cha inki chili ndi mng'ono wake: nambala yachinsinsi ya pafoni.

Khalani pafupi ndi kakhumbi ka ejenti wa ndalama za pafoni tsiku la msika. Muona agogo akupereka foni yonse kwa ejenti, n'kutchula nambala ija mokweza, kapena kumasula kapepala kamene mdzukulu adawalembera. Uthenga ukalowa kuti mwana wawo wa ku Johannesburg watumiza kangachepe, amanyamuka ndi ndodo kukafuna wowawerengera. Pofika madzulo mudzi wonse wadziwa kuti kwa agogo kwagwa ndalama, ndipo obwereka ayamba kale kuodira.

Ku Mchinji kuno n'komwe ndondomeko ya Mtukula Pakhomo idayambira mu 2006, isanafalikire m'maboma ena. Kuyambira pachiyambi pomwe, banja linkalandira kandalama kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Oyambitsawo adaona patali. Ndalama ya mwezi uno imathetsa njala ya mwezi uno, koma banja lopanda wowerenga limabwereranso pa mzere womwewo.

Tinjira ta kutsidya

Tinjira tija tomwe anthu amadzera popita kumaliro n'tomwenso timameza ana.

Mvula ikayandikira, m'midzi mumafika anthu a pakamwa pokoma. Amalonjeza njinga, wailesi kapena ndalama zochuluka pakutha pa chaka. Amafuna anyamata okaweta ng'ombe ndi kugwira ntchito m'minda ya fodya kutsidya. Makolo amene nkhokwe yawo yatha mu Okutobala amamva ngati Mulungu wayankha. Pakamwa pamodzi pachepa panyumba.

Mwana amapita opanda chikalata chilichonse, opanda pangano lolembedwa, osadziwa ngakhale dzina la mudzi umene akumupititsa. Nyengo yolipira ikafika, bwana wosaopa Mulungu amangomukumbutsa kuti adalowa m'dzikomo mozemba ndipo apolisi sali kutali. Mwana amabwerera wapansi, manja ali m'khosi, sukulu itamupitirira.

Malamulo alipo. La za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. La 2015 limalanga ozembetsa anthu. Si mwangozinso kuti a Salvation Army adasankha Mchinji kuikako malo osungirako ana opulumutsidwa kwa ozembetsa. Ndipo za fodya ndi thupi la mwana zidadziwika kale: lipoti la bungwe la Plan la 2009 lidati mwana wogwira masamba aawisi tsiku lonse akhoza kulowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu chofanana ndi kusuta ndudu 50.

Koma taonani ana amene olembawo amawasankha. Sathamangira mnyamata wa Sitandade 8 amene angafunse kuti malipiro ndi angati pa mwezi, alembedwa pati, nanga mboni ndani. Amafuna uja adasiyira mu Sitandade 3. Ndiye wosavuta kuweta.

Kwa atsikana msampha wake ndi wina.

Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Nthawi imeneyo kafukufuku wa boma ankaonetsa kuti atsikana 42 mwa 100 alionse ankakwatiwa asanafike msinkhu umenewu. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lidawerenga mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe.

Miyezi imeneyo idaulula chinthu chimene ambiri sitinkachiganizira. Geti la sukulu likatsekedwa, zitseko zina zimatseguka tsiku lomwelo.

M'malire muno vuto limakula chifukwa ukwati umene amfumu authetsa lero ukhoza kukapitirira kutsidya mawa, kwa achibale, komwe a chitetezo cha ana a kuno alibeko mphamvu.

Wina anganene kuti kwa Achewa mkazi sasowa pogwira, poti munda umatsata mbumba ndipo mkamwini ndi mlendo pamudzi. N'zoona, ndipo ndi chuma chimene tisachipeputse. Koma funsani kuti dzina lolembetsedwa pa laisensi ya fodya ndi la yani, amene amatsata mabelo ku okushoni ndani, uthenga wa kubanki umalowa pa foni ya yani. Munda ndi wa mkazi, thukuta ndi la onse, koma manambala ali m'thumba la mwamuna. Mtsikana amene adalowa m'banja ali ndi zaka 15 asanadziwe kuwerenga bwino, banjalo likamuwawa amapirira. Akachoka akayambira pati?

Kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Amene amabwereradi ndi amene ali ndi mayi kapena agogo ovomera kulera khandalo, ndi mtima wopirira kusekedwa.

Nyali ndi tambala

Nkhani ya sukulu ndi ufulu si yachilendo ku Mchinji.

Ansembe a Katolika a White Fathers adafika pa Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939 adatsegulapo seminale yaikulu. Boma la atsamunda, lomwe likulu lake kuno linkatchedwa Fort Manning, silidafulumire ndi maphunziro a munthu wakuda. Lidasiyira amishoni. Nthambi ya boma yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo sekondale yoyamba m'dziko muno, ya Blantyre, idatsegulidwa mu 1940, patatha zaka pafupifupi 50 chiyambire ulamuliro wawo.

M'midzi ya Achewa sukulu idalowa ndi mkangano. Amishoni ankati mwana asankhe pakati pa kalasi ndi dambwe. Akuluakulu a mudzi, poona kuti sukulu ikudzawalanda ana ndi mwambo, adakana. Sadali opusa. Kwa iwo kukana sukulu ya mzungu kudali kuteteza ufulu wawo. Koma mtengo wa mkangano umenewo adaulipira ndi adzukulu.

Amene adalowa m'kalasi ndiwo adayamba kufunsa mafunso. John Chilembwe adabwera kuchokera ku America mu 1900 n'kuyamba ndi sukulu ku Mbombwe, zaka 15 asanadzukire thangata. Levi Mumba ndi anzake ophunzira ku Livingstonia adayambitsa mabungwe a eni dziko omwe adadzabala Nyasaland African Congress mu 1944. Zida zawo zoyamba zidali kalata ndi cholembera.

Komabe tisanamizane kuti sukulu payokha imamasula munthu. Malire omwewa ali ndi umboni wowawa.

Pa 24 Disembala 1981, Orton Chirwa, mkazi wake Vera ndi mwana wawo adagwidwa m'dera la malire a Chipata ndi Mchinji. Boma lidati adagwidwira mbali ya kuno, iwo adati adachita kubedwa ku Zambia. Orton adali munthu wakuda woyamba wa dziko lino kukhala loya wophunzira ku London, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, ndiponso nduna ya zachilungamo. Vera ndi mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Akatswiri awiri a malamulowa adaweruzidwa m'bwalo la mafumu, momwe loya woimira munthu sankaloledwa. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera adatuluka mu Januwale 1993.

Madigiri awo sadatsekule chitseko cha ndende.

Koma dzifunseni chifukwa chake boma la nthawi ija linkawaopa chotere anthu a mabuku. Lidakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku mu 1968. Lidatsekera mlakatuli Jack Mapanje ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Wopondereza amadziwa bwino kuposa ife kuti munthu wowerenga yekha savomera msanga.

Ndipo chimene chidagwedeza mpando chidali pepala. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, a ku Mchinji kuno omwe. Idalipo ya m'Chichewa. Idakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mantha olankhula, komanso za makalasi odzaza ndi kusowa kwa aphunzitsi ndi mabuku. Boma lidailetsa, koma anthu adali ataimva kale, ndipo odziwa kuwerenga ankaibisa n'kumawerengera anzawo.

Pa 14 Juni 1993 kudali riferendamu. Ofuna zipani zambiri chizindikiro chawo chidali nyali, ofuna chipani chimodzi tambala wakuda. Nyali idapambana. Zizindikirozo zidalola agogo osadziwa chilembo ngakhale chimodzi kunena zakukhosi, ndipo tiziyamikira zimenezo.

Chithunzi chimakuuza pochonga. Sichikuuza kuti ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera zomangira mlatho zapita kuti. Lamulo lopatsa nzika mphamvu yoitanitsa zikalata ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mayi wa pa sikelo uja atapatsidwa lero bajeti yonse ya khonsolo ya Mchinji m'manja, angatani nayo?

M'kalasi

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi masauzande ambiri adalembedwa asanaphunzire ntchito. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lidati maphunziro ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense azipita ku pulayimale mokakamizidwa.

Chitseko chidatsegulidwa. Funso ndi lakuti mkatimo muli chiyani.

Ndidalowa m'kalasi ya ana aang'ono pa sukulu ina ya m'derali. Ana adadzaza mpaka pakhomo, atakhala pansi, miyendo yopingasa, ena makope pa mawondo, ena opanda kope. Mphunzitsi mmodzi, mayi wa mawu amphamvu, ankaloza maphatikizo pa bolodi, anawo n'kumayankha onse pamodzi mpaka malata kunjenjemera.

Kumva kokha mungati onse akuwerenga.

Koma yang'anani milomo ya a kumbuyo. Ambiri akungotsatira mawu a anzawo, maso ali kwina. Mphunzitsiyo akudziwa. Alibe nthawi yofika kwa aliyense, ndipo akati akhale ndi mwana mmodzi mphindi imodzi yokha, phunziro latha asanafike theka la kalasi. Sindingamuloze chala. Ndidamuona akugwira ntchito ya anthu atatu.

Kafukufuku wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero wa 2019 mpaka 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, mmodzi yekha mwa asanu ndiye amatha kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa. Pa masamu zidali zoipirapo.

Apa ndiye pamandiopsa kwambiri. Kale wosawerenga adali amene sadapondeko kusukulu. Lero tikutulutsa ana amene akhala m'kalasi zaka zisanu, atha mayunifolomu angapo, koma akaima pa sikelo nawonso ayang'ana nkhope ya venda.

Ukafika mu Sitandade 5, maphunziro onse kupatula Chichewa amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amene sadakhazikike pa kuwerenga chilankhulo cha mayi ake amapatsidwa phiri lina. Amabwereza kalasi, amabwerezanso, msinkhu ukukula. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala ikafika pachimake ndipo fodya akufuna manja ambiri, amayamba kujomba. Tsiku lina sabweranso, ndipo palibe amene amadabwa.

Wolimbikira mpaka kukhoza mayeso a Sitandade 8 amakumana ndi khomo lopapatiza. Malo a Fomu 1 sakwanira onse okhoza. Sukulu zogonera komweko monga Ludzi Girls zimatenga ochepa. Ambiri amapita ku sekondale zoyendera za m'madera, ma CDSS, zomwe zina zili kutali ndi kwawo. Mtsikana amasankha pakati pa kuyenda mtunda wautali m'mamawa ndi madzulo, kapena kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira yekha. Ufa ukatha pakati pa teremu, pa malo a malonda ngati Mkanda sipasowa bambo wa ndalama za soya wofuna kuthandiza. Thandizo lakelo tonse tikulidziwa mathero ake.

Ku Zambia boma lidachotsa fizi mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, ndipo makolo a m'malire adazimva msanga kuchokera kwa abale awo. Kuno boma lidalengeza kuti sekondale ikhala yaulere kuyambira Januwale 2026. Ndi nkhani yokoma kwa kholo lililonse. Koma 1994 idatiphunzitsa kuti kuchotsa fizi popanda kumanga makalasi, nyumba za aphunzitsi ndi malo ogona atsikana ndi kuitana alendo nkhuni zisanatoledwe.

Tsopano mverani mbali ya makolo, chifukwa nawo ali ndi mfundo.

Amakulozerani anyamata a kabaza pa siteji. Uyo adalemba Fomu 4. Uyonso. Wina uja ali ndi satifiketi yabwino ndithu, koma akudikira pasipoti kuti alowere ku Joni. Ndiye amafunsa kuti tigulitsirenji mbuzi kaamba ka sukulu yosabala ntchito, pamene mnzake amene adasiya kale ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero, wa pachala ngwa mphepo.

Sindingawatsutse kuti ntchito kulibe. Kulibedi. Tidalakwa ife amene kwa zaka zambiri tidauza ana kuti phindu la sukulu ndi ofesi ndi tayi basi. Ofesi itasowa, sukulu idaoneka yabodza.

Koma bwererani nane pa msika paja.

Patapita kanthawi mayi uja atachoka, padafika mayi wina ndi matumba awiri a soya pa njinga. Wopalasa adali mwana wake, mnyamata wooneka kuti sekondale adaipondako. Thumba lisanakolekedwe, mnyamatayo adasuzumira kaye kuona ngati muvi wayambira pa ziro. Litakolekedwa adawerenga yekha mokweza. Adatulutsa foni yake, adawonkhetsa, n'kuuza mayi ake ndalama zake venda asanatsegule pakamwa. Mtengo utapanda kuwakomera, adamangirira matumba aja pa njinga n'kupita pa sikelo ina.

Sadakangane ndi munthu. Sadatukwane. Adangokana.

Mnyamata ameneyo mwina sadzalembedwa ntchito ya mu ofesi moyo wake wonse. Koma banja lake lili ndi chinthu chimene banja la mayi woyamba uja lilibe. Likhoza kunena kuti ayi, n'kudziwa chifukwa chake. Adzawerenga pangano la ngongole asanasaine, mlingo wa mankhwala a mbewu pa botolo, tsiku lobwerera kuchipatala pa kabuku ka mwana. Munthu wa pakamwa pokoma akadzabwera kudzafuna mng'ono wake, adzamufunsa mafunso mpaka atanyamuka yekha.

Kwa ine, umenewo ndiye ufulu umene Mkanda ikuusowa kwambiri.

Zoyambira zilipo, sitikuchita kuzifuna kunja. M'madera ena a chigawo chapakati mafumu adatembenuza mkangano wakale uja: gule wamkulu, yemwe kale ankathawitsa ana kusukulu, lero amatuluka m'mawa kukusa ojomba n'kuwaperekeza mpaka pa geti. Magulu a amayi a m'sukulu amayenda khomo ndi khomo kulondola atsikana osiya. Wailesi ya Mudzi Wathu imalankhula ndi anthu a Mchinji m'chilankhulo chawo. Sukulu za kwacha, zophunzitsa akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera, zidakalipo m'ndondomeko za boma, ngakhale m'midzi yambiri zidazilala ndipo abambo amachita nazo manyazi.

Sukulu za kwachazo ndi zimene ndingapemphe khonsolo ya Mchinji, mafumu ndi mipingo kuti azidzutse msanga, makamaka miyezi ya chilimwe ntchito ya kumunda ikachepa. Mayi wa pa sikelo uja sangadikire kuti mdzukulu wake adzafike Fomu 4. Mtedza wa chaka chamawa augulitsa yekha. Kudziwa manambala a pa sikelo ndi kuwonkhetsa mtengo wa makilogalamu si maphunziro a zaka zisanu ndi zitatu.

Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi mpaka pano, muli nacho kale chimene ena akuchisowa. Madzulo ano itanani mwana wa Sitandade 4 wa pakhomo panu kapena wa mnansi wanu. Mpatseni thumba la feteleza kapena kabuku ka kuchipatala, awerenge yekha, popanda anzake omuyankhira. Akakakamira, musadikire mayeso a Sitandade 8. Lolemba pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake ndi a komiti ya sukulu.

Mukadzaperekeza mayi anu kumsika ndi mtedza wawo, musangowawerengera. Aimikeni patsogolo pa sikelo, muwaonetse pamene muvi waima.